Mutu 6: Mpweya wa Mcheni

1. Ntchito imene anthu ankaiseka

Ku Kavalamanja kunalibe munthu wosawadziwa a Arlindo, ndipo kunalibenso munthu amene anali asanawasekepo. Tangoganizani: bambo wa imvi zake kupsa ndi dzuwa tsiku lonse pa Zambezi, kugwira nsomba yonona bwinobwino, kuiyang'ana, kenaka n'kuibwezanso m'madzi! Azimai pa dooko ankagwira pakamwa. "Misala ina imavala yunifolomu," ankatero.

Koma imeneyo ndiyo inali ntchito yao. Kumtunda kwa mudzi kunali kampu ya alendo obwera kudzawedza mongosangalala, ena ochokera ku Lusaka, ena kunja kwenikweni. A Arlindo anali gaidi pa kampupo. Ankayendetsa boti, kusankhira alendo mbedza, ndi kuwasonyeza malo obisala mcheni, nsomba ya mano akuthwa ija imene alendo ankaifera. Anagwira ntchitoyo zaka khumi ndi zisanu ndi zinai. Shati yobiriwira ya kampu ankaichapa okha, osalola munthu wina kuikhudza.

Anthu ankaseka, koma shati imeneyo inkadyetsa nyumba ziwiri: ya a Arlindo, ndi ya mlongo wao, amai Thecla, amene amuna ao anamwalira ana akali aang'ono.

Mwana woyamba wa amai Thecla anali Everlyn, wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, wa Giredi 11. Iyeyu sankaseka nao. Kuyambira ali wamng'ono ankakonda kukhala pafupi amalume ake akamamanga mfundo za chingwe, maso ali pa zala zao.

Tsono Mai Philomena, manijala wa kampu, analengeza kuti atenga wachinyamata mmodzi wa m'mudzi kuti aziphunzira ugaidi masiku a Loweruka ndi pa holide. Mayeso anali Loweruka la sabata yotsatira. Analembetsa anyamata anai, ndipo wachisanu anali Everlyn.

"Mwana wamkazi pa boti?" anatero amai ake. "Nyumba ino tadya therere sabata yonse, iwe ukufuna kukaphunzira kutaya ndiwo? Chabwino, pita. Mwina nzeru za amalume ako n'zopatsirana ngati mphere."

Kusukulu zinali zonyanya. Panali Bonifasio, mnyamata wa m'kalasi mwake, mwana wa msodzi wa maukonde, wa pakamwa pothamanga ndi foni yojambula bwino. "Iwe Eve, manje ndiwe mzungu?" anakuwa pa nthawi yopuma. "Mcheni udzakukokera m'madzi ndi siketi yako yomwe! Ukadzagwira nsomba yoposa sopo wa m'manja, ndidzakunyamulira chikwama temu yonse."

Kalasi yonse inafa ndi phwete. Mau aja anamulowa Everlyn ngati munga wa m'phazi, ndipo anayenda nao mpaka Sande.

2. Malamulo a m'bokosi

Pa Sande, Misa itatha, kampu inalibe alendo. A Arlindo anakapempha boti kwa Mai Philomena kuti amuonetse mwanayo zinthu ziwiri zitatu mayeso asanafike. Anawalola. "Boti ili pa dzina lanu, a Arlindo," anatero Mai Philomena, n'kuwapatsa makiyi a injini.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa la ku Luangwa likuwotcha ngati lili ndi mlandu ndi munthu. Asanalize injini, a Arlindo anatsegula bokosi lao la mbedza n'kuliika pakati pa awiriwo.

"Ona pano, mwana wa mlongo wanga," anayamba. "Mcheni si pende. Pende umamunyengerera ndi nyongolotsi, iye n'kumalawa pang'onopang'ono ngati mlendo wamanyazi. Mcheni sulawa, umalanda. Nyambo yake ndi iyi."

Ananyamula kachitsulo konyezimira, kopindika ngati supuni ya tiyi yopanda chogwirira.

"Timaitcha supuni. Ikamayenda m'madzi imaphethira ngati kansomba kovulala. Madzi akakhala oyera ngati lero, umatenga yoyera iyi. Mvula ikagwa, madzi n'kuda, umatenga ya mkuwa. Koma supuni suimanga pa chingwe chenicheni ai. Mano a mcheni amadula nayiloni ngati lumo. Pakati umaika kawaya aka, kotalika ngati chikhatho chako ndi theka. Ukachita ulesi, supuni yapita, ndipo nsomba idzayenda ndi chitsulo kukamwa mpaka itafa ndi njala."

Anatenga pulayala n'kufinya kadzino kobwerera m'mbuyo ka pa mbedza mpaka kanaphwatalala.

"Aka timakaphwanya kuti mbedza izituluka msanga, osang'amba kamwa. Inde, nsomba zina zimathawa chifukwa cha zimenezi. Zithawe. Sitinabwere kudzafuna ndiwo."

Everlyn anagwedeza mutu. Zonsezi ankazidziwa kale, ndipo maso ake anali pa ndodo yowedzera ndi kawilo kake kopombera chingwe.

"Usayang'ane ndodo, yang'ana ine," anatero amalume ake, mau atasintha. "Chimene ndikuuze tsopano ndicho ugaidi wonse. Kugwira nsomba aliyense amagwira, ngakhale chitsiru chikachita mwai chimagwira. Gaidi amadziwika pobweza. Ukautulutsa mcheni m'madzi, nawenso tseka pakamwa, gwira mpweya. Nyowetsa manja, chotsa mbedza, dzanja lina pansi pa mimba, mlendo ajambule kamodzi. Chifuwa chako chikayamba kutentha, dziwa kuti chake chatentha kalekale, chifukwa iwo wamenya nkhondo pamene iwe unangokhala pa mpando. Usanapume iwe, iwo ukhale uli m'madzi. Wamva? Mpweya umodzi basi. Ndipo pa mchenga ai, zivute zitani. Mchenga wa mwezi uno umawotcha phazi lako lozolowera, nanga khungu la nsomba?"

"Ndamva, amalume."

"Sindinathe. Bambo anga atawoloka kuchokera ku Zumbo, ine ndili wamng'ono kuposa iwe, micheni ikuluikulu inali mbwee mumtsinje uno. Lero ukhoza kuyenda sabata osauona umodzi. Waukulu uja ndi mai, ndipo mwezi uno mimba yake yadzaza mazira, ukudikira mvula. Ukapha umodzi, wapha nsomba za chaka cha mawa zimene sunazione n'komwe. Ine sindinyoza anzathu a maukonde, njala ndimaidziwa, inandigoneka pansi kangapo. Iwo ali ndi njira yao. Koma alendo amabwera chifukwa cha micheni imeneyi, ndipo ikatha, kampu itsekedwa. N'chifukwa chake lamulo la kampu silipindika: mcheni ukafera pa boti iyi chifukwa cha kusasamala, gaidi amavula shati. Chaka chatha a Tenson anavula, unawaona. Boti iyi lero ili pa dzina langa."

"Ndamva, amalume," anabwereza Everlyn.

"Wamva ndi makutu," anatero a Arlindo, n'kukoka chingwe cha injini. "Tiye tikaone ngati manja amva."

3. Madzi okumana

Anakwera mtsinje mpaka pamene mudzi unabisika. A Arlindo anazimitsa injini n'kuloza ndi chibwano.

"Ukuona pamene madzi othamanga akukumana ndi madzi ofatsa, pali kamzere ka thovu paja? Mcheni umaima kumbali yofatsa, kudikira tinsomba totopa. Ponya kupitirira mzere, werenga mpaka zitatu kuti supuni imire, kenaka pomba msanga. Osati mwaulesi ngati ukupukusa mtedza."

Kuponya koyamba, chingwe chinapiringizana pa kawilo. A Arlindo sanamuthandize. Anangomuyang'ana mpaka Everlyn anamasula yekha, thukuta likulowa m'maso. Kachiwiri supuni inagwera pafupi ndi boti, phava! Mvuu ina chapatali inabangula ngati ikumuseka.

Koma mwanayo anali ndi dzanja, zimenezo tisamunamizire. Pofika kachikhumi supuni inkauluka bwino n'kutera pomwe maso ake afuna. Mwadzidzidzi ndodo inagwedezeka. Kamcheni kakang'ono kanalumpha m'mwamba, Everlyn n'kukweza ndodo ndi chimwemwe. Kansombako kanapukusa mutu, supuni n'kuuluka yokha.

"Wakweza ndodo!" anatero amalume ake. "Kamwa la mcheni ndi fupa, mbedza silowa kwambiri. Mcheni ukaluma supuni, koka mwamphamvu kamodzi kuti mbedza ikhazikike. Ukalumpha, tsitsa ndodo mpaka nsonga ikhudze madzi, chingwe chikhale chokoka. Ukangoupatsa mpata, wakulavulira supuni kumaso."

Dzuwa litapendeka pang'ono, anakocheza pa chilumba china cha mchenga. Kuseri kwa bango kunali dimba la a Jorge, mnzao wa a Arlindo, amene mwendo unkawavuta. A Arlindo anamangirira boti pa chitsa n'kutulutsa kabotolo ka mankhwala opaka.

"Ndikawapatse awa a Jorge, sindichedwa. Uziponya uli m'boti momwemo. Usatsike, usaviike mwendo, ng'ona sizidziwa kuti lero ndi Sande. Ukagwira kanthu, lamulo ukulidziwa."

Analowa m'bango, shati yobiriwira ija n'kubisika.

4. Mcheni

Everlyn anaponya kawiri, osamva kanthu. Kachitatu anaponya kutali, kumene madzi ankazungulira kuseri kwa mtengo womira. Anawerenga mpaka zitatu n'kuyamba kupomba.

Mai ine! Ndodo inatsala pang'ono kumuchoka m'manja. Kawilo kanalira tsiiii, chingwe chikuthawa chokha. Anakoka mwamphamvu kamodzi monga anauzidwira, ndipo chimene chinalumpha pakati pa mtsinje sichinali kansomba ka poyamba kaja. Unali mcheni wotalika ngati mwendo wake wonse, mizere yakuda m'mbali, chipsepse cha kumchira chili psuu.

"Amalume!" anakuwa, koma bango linameza mau ake.

Anatsitsa ndodo. Mcheni unalumpha kachiwiri, n'kupukusa mutu, koma supuni sinachoke. Unathawira ku mtengo womira uja kuti ukakole chingwe, Everlyn n'kupendeketsa ndodo kumbali mpaka unatembenuka. Mikono inachita dzanzi. Chala chinachekeka ndi chingwe, iye osamva n'komwe. Ukathawa ankausiya, ukatopa ankapomba. Palibe chimene anaphonya pa zimene anaphunzitsidwa.

Potsiriza nsomba ija inabwera pambali pa boti itagona chammbali. Everlyn anailowetsa m'kaukonde konyamulira, n'kuikweza ndi mphamvu zake zonse. Ananyowetsa manja, anatseka pakamwa n'kugwira mpweya. Ndi pulayala anachotsa mbedza, ndipo inatuluka mosavuta. Anaika dzanja pansi pa mimba yolemera ija n'kuwerama kuti aubweze. Mchira unali utakhudza kale madzi.

"Iwe Eve! Ima! Imaaa!"

Anali Bonifasio, ali m'bwato la bambo ake, akuchokera koonjola maukonde. Ankapalasa ngati wathamangitsidwa ndi mvuu, maso ali tong'o.

Mpweya uja unamutuluka Everlyn osadziwa. Anapuma wina.

"Wagwira wekha? Iyai, bodza!" Bonifasio anagunditsa bwato pa mchenga n'kutulutsa foni m'kapulasitiki. "Manje ufuna kuutaya popanda chithunzi? Ndani adzakukhulupirira mawa? Ine ndidzakana, ndidzati sindinaone kanthu. Nyamula, ndikujambule!"

Everlyn anayang'ana nsomba, anayang'ana bango, anayang'ana foni. Mau a amalume ake ankawakumbukira onse, sanaiwale ngakhale limodzi. Koma phwete la kalasi lija nalonso ankalikumbukira.

"Kamodzi chabe," anatero, n'kuwongoka.

"Boti ikugwedezeka, sichikuoneka bwino. Tsika pa mchenga, dzuwa likuombe kumaso."

Anatsika. Ha, mwana uyu! Anatsika ndithu.

Bonifasio anajambula kamodzi, kawiri. "Seka! Kweza m'mwamba! Tembenuza, mano aoneke!" Mcheni unaphiriphitha mwamphamvu, n'kupulumuka m'manja mwake, n'kugwera pa mchenga wotentha uja. Unagubuduka, thupi lonse mchenga wokhawokha, mpaka mopumira momwe.

"Usiye pomwepo, ndiike nkhafi pambali kuti anthu aone kutalika," anatero Bonifasio. "Khala pansi, uugwire kumchira. Eya! Iwe ndiwe mwamuna, Eve!"

Ndipo Everlyn anaseka. Kwa nthawi yoyamba mnyamata uja ankamuyang'ana ndi ulemu, ndipo zinamukomera. Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Anapuma kangati pa mchenga paja, palibe amene anawerenga.

Ataunyamula kuti aubweze, mcheni sunaphiriphithenso. Anakwera m'boti, anauviika m'madzi, mutu utaloza kumene madzi akuchokera. Anaugwira, anaugwedeza pang'ono, anaulankhula ngati munthu. "Pita. Chonde pita." Atatsegula manja, nsomba inatembenuka mimba yoyera kumwamba.

5. Zimene a Arlindo anapeza

A Arlindo anatuluka m'bango atanyamula anyezi amene a Jorge anawapatsa. Anaona mapazi pa mchenga. Anaona pamene nsomba inagubuduka, mamba akunyezimira pomwepo. Anyezi aja anawaika pansi pang'onopang'ono.

Analowa m'boti, anautenga mcheni m'manja mwa Everlyn, n'kuugwira m'madzi oyenda. Anautsuka mchenga ndi chala. Anadikira. Anamasula boti kuti ifike pa madzi othamanga, n'kudikiranso. Mkono wao unali m'madzi mpaka m'chigongono, munthu yemwe uja ankachenjeza za ng'ona. Everlyn anayamba kulira.

Patapita nthawi yaitali anautulutsa n'kuugoneka m'boti. Anabwerera pa chilumba.

"Mnyamata iwe, wajambula?"

"Ee, ba Arlindo."

"Fufuta."

Bonifasio anakanda m'mutu. "Chapita kale pa gulu la kalasi la pa foni. Anthu ayamba kale kuyankha."

Anawasonyeza. Pa chithunzipo panali Everlyn atakhala pa mchenga, mano onse pamtunda, mcheni uli gone pambali pa nkhafi. Kumbuyo kwake kunali boti, dzina la kampu likuwerengeka bwinobwino.

A Arlindo anayang'ana nthawi yaitali, n'kubweza foni.

"Manje nsombayi mutaya?" anafunsa Bonifasio. "Ndiwo zonsezi?"

"Tenga," anatero a Arlindo. "Pa boti iyi siikwera."

Anayamba ulendo wobwerera. Pafupi ndi dooko la kampu, Everlyn anayesa kufotokoza. "Amalume, ndinagwira mpweya poyamba. Mbedza ndinachotsa bwino. Ndinali nditatsala pang'ono..."

"Ndaona," anatero amalume ake, maso ali kutsogolo. "Kamwa lake silinang'ambike. Unagwira bwino kuposa alendo ambiri amene ndawanyamulapo. Chimene chikundipweteka n'chimenecho."

6. Mbale ya ulemu

Madzulo omwewo, dzuwa lisanalowe, amake Bonifasio anafika pa khomo la amai Thecla ndi mbale yovundikira. Kwathu kuno mnansi akapeza ndiwo kudzera mwa mwana wako, sadya yekha.

"Odi, amake Eve! Ndati mulaweko, pakuti ndi mwana wanu wagwira. Koma mwabala, mwandi! Mimba yake inali mazira okhaokha, adzaza poto."

Amai Thecla analandira ndi manja awiri, anathokoza mwaulemu, n'kuperekeza mlendo mpaka pa njira. Pobwerera anaika mbale ija patsogolo pa Everlyn n'kuvundukula. Munali nthuli ziwiri ndi mazira okazinga.

"Idya," anatero.

Everlyn anapukusa mutu.

"Idya, si iwe msodzi wamkulu? Ine ndinkaseka ntchito ya amalume ako, inde, pakamwa panga mpoipa. Koma ndinkaseka nditakhuta ufa wogulidwa ndi ntchito yomweyo. Nsapato wavalazo zinachokera kuti? Yunifolomu ya mng'ono wako? Bambo ako atamwalira, abale ao anabwera kudzatenga njinga ndi malata, n'kupita. Amene anatsala ataima pa khomo lino ndi munthu mmodzi, ndipo lero wamuvula ndi manja ako. Chifukwa cha njala? Ukanakhala kuti unaiphera njala, ndikanakumvetsa, ndikanapita ndekha kukagwada kwa Mai Philomena. Koma chifukwa cha foni ya mwana wa eni! Nsomba yadyedwa kwa eni, ife tatsala ndi nthuli ziwiri ndi manyazi."

Ana aang'ono anadya nthuli zija. Everlyn sanakhudze.

Lolemba kusukulu anamulandira ngati wabwera ndi chikho cha mpira. Atsikana anamukumbatira. Anyamata omwe ankamuseka aja ankapempha kuti awafotokozere. Bonifasio anasunga lonjezo lake, anamulanda chikwama n'kuchinyamula pamutu, kalasi ikuombera m'manja. Zonse zimene ankazilakalaka anazipeza tsiku limodzi, ndipo zinkamuwawa ngati ndulu.

Tsiku lomwelo a Arlindo anaitanidwa ku ofesi ya kampu. Lachiwiri sanaoneke pa mtsinje. Lachitatu boti yao inadutsa pa dooko ikuyendetsedwa ndi munthu wina.

7. Shati

Lachinai masana Everlyn atangofika kuchokera kusukulu, anaona amalume ake akubwera ndi bokosi la mbedza m'manja. Poyamba sanawazindikire. Anavala sikipa yakale yofiira, yong'ambika pa phewa. Popanda shati yobiriwira ija ankaoneka aang'ono, ndiponso okalamba.

Amai Thecla anawapatsa mpando pansi pa mtengo wa masau. "Alongo, zatha bwanji?"

"Zatha," anayankha.

Amai Thecla anakhala pansi, n'kuphimba nkhope ndi chitenje.

Everlyn anagwada patali pang'ono. A Arlindo anatulutsa pepala lopinda m'thumba n'kumupatsa. Linali la mayeso a Loweruka. Maina anali asanu, ndipo lake linali pomwepo, losafufutidwa.

"Amalume, bwanji sanandichotse?"

"Ndinawauza Mai Philomena kuti ndine ndinakulamula. Ndinati ndinaona nsomba yonona, mtima n'kundigonja, ndiye ndinakuuza kuti uitsitsire pa mchenga tikadyere ndiwo. Ndinati iwe unakana, ine n'kukukalipira."

"Koma ndi bodza, amalume!"

"Ndi bodza. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinai pa kampu ija sindinanamepo ngakhale za mbedza imodzi yotayika, ndipo bodza langa loyamba ndi limeneli. Usaganize kuti landikomera. A Tenson atavula shati, ndine ndinaima pamaso pa anyamata a pa kampu n'kuwalalikira za mcheni. Lero anyamata omwewo andiyang'ana ngati mbala ya nkhuku. Koma tamvera, mwana wa mlongo wanga. Boti inali pa dzina langa. Ndinene zoona, ndinene bodza, shati yanga inali itapita kale, chifukwa ndine ndinasiya mwana yekha ndi ndodo. Madzi akatayika saoleka. Chimene chinatsala choti ndipulumutse ndi dzina lako pa pepala ilo. Ine maso ayamba kuchita nkhungu, mfundo ndimamanga mongopapasa. Iwe uli ndi dzanja. Nyumba ziwirizi zikufuna shati imodzi, ndipo ngati yachoka pa ine, tsiku lina ikhale pa iwe. Ukatsegula pakamwa, tataya zonse ziwiri. Wamva?"

Everlyn sanathe kunena kuti ndamva. Mau amenewo anali atawanena kale kawiri pa boti paja.

A Arlindo anakankhira bokosi la mbedza kwa iye ndi phazi. "Supuni yoyera ndainola. Kawaya umange katsopano, kakale kaja kanapindika." Anaimirira, n'kupita osatsazika. Pa njira azimai awiri ochokera ku dooko anawapatukira. Mmodzi ananong'oneza mnzake, ndipo mau ake anafika mpaka pa masau paja: "Si awo ankatiuza kuti nsomba sadya?"

Everlyn anatsala chogwada. Anatseka pakamwa n'kugwira mpweya, maso ali pa msana wa amalume ake. Ankafuna adziwe kutalika kwake kwa mpweya umodzi. Chifuwa chinayamba kutentha iwo asanafike n'komwe pa mpanda wa mbuzi. Kanthawi kakang'ono chotero ndi komwe anapemphedwa.

Atapuma, misozi inagwera pa pepala lija. Polipukuta analitembenuza, ndipo kuseri kwake kunali mau olembedwa ndi bolopeni, amene amalume ake ndi maso ao a nkhungu sanawaone.

"Everlyn, pa chithunzi chija sindikuona mwana wokalipiridwa, ndikuona mwana akuseka. Loweruka ufike msanga, anzako asanabwere. Usanakhudze ndodo, ndikufuna undiuze ndi pakamwa pako zimene zinachitika pa mchenga paja. Philomena."